Dothi la Kuseri kwa Atelala

Lole itafika pamalopo, nkhungu inali isanachoke. Nyumba za m'mbali mwa phiri zinkaoneka ngati zikuyandama, denga apa, denga apo, pansi pake pali mbuu. Nadothi anatsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi pachitseko, lina pamsana. Anali ndi pakati, ndipo mimba inali itakula moti jekete lake la kuntchito silinkatsekanso. Iyi inali ntchito yake yomaliza asanapite kutchuthi.

Dzina loti Nadothi anamupatsa ndi anzake akuntchito, chifukwa ntchito yake inali yopima nthaka. Khoma likagwa, msewu ukatitimira, nyumba ikang'aluka, ankatuma iyeyo pamodzi ndi amuna awiri oyendetsa makina oboolera pansi: Gogoda, bambo wamfupi wa imvi m'ndevu, ndi mnzake Wamtali, amene ankayankhula mwa apo ndi apo ngati mawu amachita kubwereka.

Khoma limene anabwerera linali la miyala ikuluikulu yomata ndi simenti. Linamangidwa kalekale kuti ligwire dothi la bwalo la nyumba ya kumtunda, lisatsikire pabwalo la nyumba ya kumunsi. Mvula itagwa masiku angapo osapuma, khomalo linatupa pakati, kenako m'mawa wina linangogona. Tsopano miyala inali mbwee pabwalo la kumunsi, ina chagada, ina itatsamirana, ngati ng'ombe zobzikula m'nkhungu. Pansi pa miyalayo panali khola la nkhuku, malata ake atapindika ngati pepala.

Mwini wa nyumba ya kumunsi, amene anthu a mumsewumo ankawatchula kuti Mayi a Nkhuku, anawachingamira pageti, manja m'chiuno.

"Ndinu a khonsolo?"

"Atituma ndi a khonsolo, mayi," anayankha Nadothi. "Tabwera kudzapima dothi, tidziwe chimene chagwetsa khomali."

"Ndiye mwavutikiranji ndi chimakina chonsechi? Chogwetsa khoma si icho chaima apocho?"

Analoza kumtunda. Pamene bwalo linadukira panali pataima bambo wachikulire wowonda, atavala juzi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Amenewo anali Atelala, eni nyumba ya kumtunda.

"Madzi osamba, madzi ochapira, onse amakhuthulira kuseri kwa khomali," anapitiriza Mayi a Nkhuku. "Ndanena ine mpaka kukhosi kuuma."

"Mwadzuka bwanji, mayi wanga?" anafuula Atelala, akuyang'ana Nadothi. "Musamvere za amenewo. Afunseni kuti anakumba m'tsinde mwa khoma ndani pofuna kukuza khola. Nkhuku zawozo akuti zinkafuna chipinda chochezera."

"Mwandiphwanyira khola, lero mukuzinenanso nkhuku zanga?"

"Zinathawa zonse khoma lisanagwe, ndinaziona ndi maso angawa. Nkhuku n'zanzeru kuposa mwini wake."

Gogoda anasendera pafupi ndi Nadothi n'kunong'ona: "Apa dothi tilipeza lofewa. Miyala yeniyeni ndi anthuwa."

Galimoto sinkafika kunyumba ya kumtunda. Kunali masitepe okha, opapatiza, oyenda m'mbali mwa mpanda. Choncho Gogoda ndi Wamtali anamasula makinawo n'kumakweza chimodzichimodzi: miyendo itatu yachitsulo, nyundo yolemera ngati mwana wa ng'ombe, mapaipi, chingwe, pomaliza injini atayikoleka pamtengo. Nadothi anakwera pambuyo pawo, akupumira m'njira. Atafika pamwamba anaima kaye. Bwalo la kuseri linali litaduka pakati. Waya woyanikapo zovala unkalendewera m'malere, mtengo wake umodzi utapita ndi dothi, ndipo thaulo lina linali likadali pawayapo, pomwe munthu sakanalifikira. Mng'alu wopyapyala unayambira pamene dothi linadukira, n'kukwawa pabwalopo mpaka pakhoma la chipinda cha kuseri.

"Mng'aluwu unalipo kale, bambo?"

"Kameneko? N'kakale," anatero Atelala. "Dzinja kamatseguka, chilimwe kamatseka. Tinazolowerana."

Anaimika miyendo itatu ija pakati pa chipindacho ndi phompho. Injini inatsokomola, kenako n'kulira. Chingwe chinkakweza nyundo m'mwamba, Gogoda n'kuchilekerera, nyundo n'kugwera papaipi: gu! Kukweranso, kugwanso: gu! Nadothi anakhala pandowa yovundikira, akuwerenga kuti nyundo imenya kangati paipi isanalowe mpaka pachizindikiro cha choko. Dothi lolimba limakana, nyundo imamenya mpaka kutopa. Dothi lofewa limangolandira. Paipi ikatuluka, Wamtali ankaitsegula pakati ngati khoko la nyemba, ndipo m'kati mwake munkapezeka dothi lalitali ngati kandulo, litagona monga mmene linagonera pansipo.

Masiku amenewo tulo tinkamupeza Nadothi paliponse. Kulira kwa injini, fungo la dizilo losakanikirana ndi la nthaka yonyowa, kugunda kwa nyundo kosasinthasintha, zonsezo zinkamuwodzeretsa. Nkhungu inkabwera n'kumuphimba Wamtali kuyambira m'chiuno kutsika, n'kuchokanso. Mwana m'mimba naye anayamba kuyankha. Nyundo ikati gu, iye n'kuponda.

Gogoda anaona dzanja lake lili pamimba. "Ameneyo ndi wamakina, a Nadothi. Akangotuluka tikumupatsa chingwe."

"Mulekeni ayambe wabadwa kaye, achimwene."

Dothi loyamba kutuluka silinali lobadwira pamenepo, linali lothira. Munali zidutswa za njerwa, phulusa, chibenthu cha mbale ya maluwa abuluu, ndipo pakati pa zonsezo tizigamba ta nsalu tambirimbiri, tofiira, tachikasu, tamizeremizere, tosawola n'komwe. Munatulukanso batani loyera, lonyezimira. Atelala, amene anali chiimire pafupi, analitola n'kulipukutira pajuzi.

"Aa! Ili ndi la diresi la ukwati. Ndinasokera mwana wa aphunzitsi ena a kumsikaku." Analitembenuza padzanja. "Ukwatiwo unatha kalekale, batani likadali bwinobwino."

Anafotokoza kuti iwo pobwera pamalopo bwalo linali lotsetsereka, mpira wa ana unkangothawira kumunsi. Khoma litamangidwa ankathira kuseri kwake chilichonse chimene apeza, zinyalala zosokera, njerwa zosweka, dothi la pomwe anakumba chimbudzi, mpaka bwalo linakhala lathyathyathya.

Pansi pa zigambazo panabwera katondo, wofiira, wolimba bwino. Nadothi anatsina pang'ono, n'kulowetsa chala m'madzi, n'kuyamba kupota dothilo pakati pa zikhatho kuti aone ngati lingatalike osaduka. Linatalika ngati kachingwe ka nyale. Mayi ake ankapota chingwe cha nyale chimodzimodzi, kuchokera ku kansanza, atakhala pamwala wa pakhomo. Anamwalira chaka chathachi, asanamve n'komwe za mimbayi. Nadothi anapitiriza kupota, maso ali kutali, mpaka kachingwe ka dothi kanaduka kokha.

Dothi lina analiika m'majumbo. Lina linatsala m'mapaipi afupiafupi, ndipo Wamtali anasungunula makandulo m'chitini n'kumata mbali zonse ziwiri, kuti chinyezi chake chisathawe lisanafike ku labu kokalipima.

Nthawi yonseyi pazenera la chipinda cha kuseri panali nkhope. Anali akazi awo a Atelala. Zaka zingapo zapitazo anadwala matenda oumitsa ziwalo. Mbali imodzi ya thupi inafa, mawu nawo anatsala ochepa. Atelala anawaikira mpando m'chipinda chosokeramo kuti azikhala pafupi iwo akamapalasa makina, ndipo chidwalireni mayiwo sanatsikeponso masitepe aja. Nadothi atawagwedezera dzanja, iwo anakweza zala ziwiri pagalasi.

Mawa lake kunacha ndi dzuwa loswa mtengo. Nthaka inkafuka nthunzi, madenga ankanyezimira, ndipo kuseri kwa phiri mitambo inkaunjikana mwakachetechete. Paipi inali itapita pansi ndithu, kupitirira msinkhu wa khoma lakugwalo. Chakumasana nyundo inamenya kamodzi, ndipo paipi inangolowa yokha, osadikira kumenyedwanso, ngati chala m'mafuta odzola.

"Ii," anatero Wamtali. Ndi mawu okhawo amene ananena m'mawa wonsewo.

Chimene chinatuluka chinali dongo lotuwa, lozizira, lofewa moti chala chinkabira. Linkanunkha ngati m'mphepete mwa mtsinje. M'kati mwake munali muzu wa bango wakuda bii, kachigoba ka nkhono, ndi nsangalabwi zingapo zosalala. Nadothi anatsuka imodzi n'kuifumbata. Inali yozizira ngati yangotoledwa m'madzi.

"Mwala susalala chonchi paphiri pouma," Nadothi anauza Gogoda. "Umasalala ndi madzi oyenda. Apa panali khwawa."

Atanena zimenezo anayang'ana uku ndi uku, ndipo kwa kanthawi nyumba zija zinamuchokera m'maso. Anaona phiri lopanda denga ngakhale limodzi, udzu ukugwedezeka, kamtsinje kakutsika pakati pa mabango, kakudutsa pomwe panali ndowa yakeyo, kupyola pansi pa chipinda chosokeramo. Anaona anthu osadziwika akubwera ndi mawilibala, kuthira dothi, kupondaponda, n'kumapita. Anaphethira. Injini inali ikulirabe.

Gogoda anati ayime kaye, atsuke mapaipi ndi kuthira mafuta. Mapazi a Nadothi anali atatupa m'majombo. Pamenepo pazenera panamveka kugogoda, ngo ngo ngo, supuni pagalasi. Atelala anasuzumira pakhomo.

"Akuti mulowe, mupumuleko. Lowani ndithu, mayi wanga. Akayamba kugogoda choncho sasiya."

M'chipindamo munali mozizira bwino. Munali makina osokera opalasa ndi mapazi, tebulo lalikulu lodulirapo, nsalu zolendewera pachingwe, ndi galasi lalitali lotsamira kukhoma. Simenti ya pansi inali yofiira, yopakidwa polishi mpaka kuwala. Mayi aja analoza kamatiresi kamene kanali pafupi ndi mpando wawo. Nadothi anavula majombo n'kugona cham'mbali. Mayiwo anawerama movutikira, n'kumukoka phazi ndi dzanja lawo lamoyolo, kuliika pamiyendo pawo. Anayamba kulisisita, chala chachikulu chikuzungulira pakakolo.

"Wo... woyamba?"

"Woyamba, mayi."

"Amako?"

"Anatisiya chaka chatha."

Dzanja lija linaima pang'ono, kenako linapitiriza, mofatsa kuposa poyamba.

Nadothi sanadziwe kuti tulo tamuba nthawi yanji. Analota simenti yofiira ija itasanduka galasi, iye atagona pamwamba pake akuyang'ana pansi. Anaona njerwa ndi phulusa, anaona katondo, ndipo pansi pa zonse madzi oyera akuyenda. Tizigamba ta nsalu tinkavina m'madzimo ngati ndere, mabatani akudutsa ngati tinsomba. Mayi ake anali ataima m'madzi olekeza m'maondo, akutsukuluza nsalu yaitali yosaoneka kothera. Sanadzutse mutu. Nadothi anafuna kuwauza za mwana, koma pakamwa panali polemera. Nyumba yonse inkagwedezeka pang'onopang'ono ngati bwato lomangirira padoko.

"Tasendera uko," anatero mayi ake, osamuyang'ana. "Ukunditchinga dzuwa."

Anatsegula maso. Injini inali chete. Mayi aja anali akuwodzera, dzanja likadali paphazi lake. Tsaya lake lili pamatiresi choncho, Nadothi anaona kampukutu ka ulusi wobiriwira kakutuluka pansi pa tebulo. Palibe amene anakakhudza. Kankagubuduka kokha, mosafulumira, kakusiya ulusi m'mbuyo, kudutsa kutsogolo kwa nkhope yake, mpaka kukaima pakona ya khoma loyang'ana kuphompho. Pakonapo panali patasonkhana kale tina: timipukutu tingapo, pensulo, ndi kabotolo ka mafuta a makina.

Anayang'ana kwa nthawi ndithu, akuganiza kuti akadalota. Kenako anazindikira kuti ali maso. Anadzuka, n'kutenga kapu ya madzi imene inali patebulo, n'kuthira pang'ono pakati pa chipinda. Madziwo sanaime. Anatsata njira ya ulusi ija.

"Bambo!" anaitana. Atelala analowa. "Tinthu iti timapita pakonapo nthawi zonse?"

"Tayamba masiku omwe ano. Ndimati mwina ndi mphaka."

"Nanga chitseko ichi chimatseka?"

"Chayamba kukana. Chatupa ndi mvulayi."

Nadothi anagwada movutikira n'kukankha nsalu zimene zinaunjikidwa pakonapo. M'munsi mwa khoma, simenti ya pansi inali itasiyana ndi njerwa. Analowetsa zala. Munkatuluka kamphepo kozizira.

Nthawi yomweyo Gogoda anaonekera pazenera. "A Nadothi, tabwerani mudzaone. Madzi akukwera okha m'dzenjemu."

Panja dzuwa linali litabisala. M'kamwa mwa paipi madzi anali atafika pamwamba, akunjenjemera, akusefukira pang'onopang'ono. Mng'alu wa pabwalo uja, umene dzulo lake ukanalandira kamtengo ka machesi kokha, tsopano unkalowa chikhatho. Kuseri kwa phiri kunagunda bingu.

Nadothi anaimbira foni abwana ake ku ofesi n'kuwafotokozera mwachidule. Iwo anati atulutse anthu msangamsanga, za khonsolo aziona okha. Kenako anabwerera kwa Atelala, amene anali pakhomo la chipinda chosokeramo.

"Bambo, muyenera kutuluka m'nyumba muno. Lero lomwe, mvulayi isanagwe."

Atelala anaseka kaseko kouma. "Nyumba iyi ndinaimanga ndi singano, mayi wanga. Njerwa iliyonse ndi buluku la munthu. Ndipite kuti? Ana ali kutali. Ndipo mayiwa masitepe aja sangatsike."

"Sindikunena kuti igwa lero. Sindikudziwa, ndipo sindikunamizani. Koma pansi pa chipinda chino pali khwawa lakale limene anthu analikwirira, ndipo madzi ake sanasiye kuyenda. Khoma lija ndilo linkagwira zonse. Pano palibe chogwira. Chipindachi chayamba kale kupendekeka, mwaona nokha madzi aja."

"Mvula tapirira nayo zaka zonsezi."

"Munali ndi khoma, bambo."

Atelala anapotokola tepi ya m'khosi ija. Kumbuyo kwawo kunamveka kumenya. Akazi awo anali atadzuka kutulo, akumenya mkono wa mpando ndi supuni.

"Ti... tiye," anatero. "Tiyeni."

Atelala anawayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anavula tepi ija, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba.

Zinangochitika kuti Mayi a Nkhuku anali atakwera masitepe, koyamba pa zaka zambiri, kudzadandaula za madzi amatope amene ankatsikira kwawo kuchokera pamakinapo. Anaima pakona ya nyumba akupuma wefuwefu, ndipo anamva zonse. Nadothi anawauza kuti nawonso asayandikire bwalo la kuseri. Nyumba yawo yokha inali kutali ndi khoma, kufupi ndi msewu, ndipo inalibe vuto.

"Ndiye mwaimiranji?" anatero mayiwo. "Mukudikira kuti ikugwereni kaye? Abambo inu, nyamulani mayiwa ndi mpando wawo womwewo. Chipinda cha mwana wanga mulibe munthu, anapita kubanja." Anatembenukira kwa Atelala. "Koma inu mukagona pakhonde, limodzi ndi nkhuku zanzeru zija."

Gogoda anagwira miyendo yakutsogolo ya mpando, Wamtali kumbuyo. Anaukweza, ndipo mayi aja anatuluka pakhomo ali m'mwamba, shawelo ikuuluka. Potsika masitepe, mutu wawo unali pamwamba pa mpanda, moti wowaonera kumsewu akanati akuyandama pamasamba. Nadothi ankatsatira m'mbuyo atagwira ambulera, koma mphepo inkangoitembenuza. Mayiwo ankacheuka uku ndi uku. Anaona msewu umene anausiya uli wafumbi tsopano uli ndi phula, anaona kagolosale katsopano kopaka utoto wachikasu, ana ovala yunifolomu akuthamanga kuthawa mvula, mtengo umene anaudziwa uli waung'ono utaphimba denga lonse la oyandikana nawo. Madontho oyamba atagwa, akuluakulu, ofunda, anakankha ambulera ija ndi dzanja, n'kuyang'ana kumwamba. Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, madzi akutsikira m'makutu.

Atelala ankabwera pambuyo pa onse, atakumbatira mutu wa makina osokera pachifuwa. Anthu oyandikana nawo anatuluka n'kuthandiza kututa zofunda, ziwiya ndi nsalu za makasitomala. Gogoda ndi Wamtali anabwereranso kumtunda, anakokera injini kutsogolo kwa nyumba, n'kutsitsa mabokosi a dothi. Miyendo itatu ija anaisiya pomwepo, chifukwa Nadothi anawaletsa kuyandikiranso kuphompho.

Kenako mvula inakhuthuka.

Onse anadzazana m'chipinda chochezera cha Mayi a Nkhuku. Munkanunkha zovala zonyowa ndi chakudya cha nkhuku chimene matumba ake anali kuseri kwa sofa. Mwini nyumba anaphika tiyi. Mpando wa mayi odwala aja anauika pazenera loyang'ana kumtunda, ndipo aliyense ankayang'ana komweko, kapu ili m'manja. Nyumba ya Atelala inkaoneka n'kubisika m'mvulamo. Panapita nthawi yaitali popanda chochitika. Nadothi anayambanso kuwodzera, mutu utatsamira pakabati.

"Mwaona?" anatero Atelala. "Yaima nji. Mwandisamutsa chabe."

Mvula inayamba kuchepa, kunja kukuyera pang'ono. Ndipo pamenepo, popanda phokoso limene akanalimva kumunsiko, kona ya chipinda chosokeramo inagwada. Inatsika pang'onopang'ono ngati munthu wokalamba akufuna kukhala pansi. Zenera lija linapendekeka. M'kati, galasi lalitali linang'anima kamodzi, litaona thambo, kenako linazima. Miyendo itatu yachitsulo inawerama n'kugona, ndipo matope otuwa anatsika mwaulesi, n'kuphimba miyala ya khoma lakale. Anaima pakati pa bwalo la kumunsi. Mbali yotsala ya nyumba sinagwedezeke.

Atelala anakhala pansi pamkono wa sofa, kapu ili m'manja. Akazi awo anatambasula dzanja n'kugwira juzi yawo m'mphepete. Mayi a Nkhuku anatenga supuni, n'kuwonjezera shuga m'kapu ya Atelala osawafunsa, n'kutakasa okha.

Patapita kanthawi Atelala anafunsa ndi mawu otsika: "Ndiye wolakwa ndani, mayi wanga? Nenani, ndimva."

"Tidikire za ku labu, bambo. Koma mmene ndikuonera ine, madzi anu osamba ndi dontho chabe poyerekeza ndi amene ali pansipo. Khola la mayiwa nalo silikanagwetsa khoma lotere palokha. Khomalo linalibe potulukira madzi. Ankangodzazana kuseri kwake chaka ndi chaka."

"Ndiye kuti ine ndilibe womukalipira?" anafunsa Mayi a Nkhuku.

"Kalipirani khwawalo, mayi," anatero Gogoda. "Lili pabwalo panu pomwepa, labwera lokha."

Wamtali ndiye anayamba kuseka, chiseko chachikulu chimene palibe ankachiyembekezera, mpaka tiyi kumutayikira. Enawo anatsatira mmodzimmodzi. Atelala anapukusa mutu, akupukuta m'maso ndi chikhatho, osadziwika ngati ndi misozi ya chiseko kapena ya nyumba.

Madzulo asanafike anakweza mabokosi a dothi mulole. Mayi a Nkhuku anamuperekeza Nadothi mpaka pageti, akumukalipira kuti munthu wa mimba yotere sayenda m'matope, ndipo amuna ake ngati ali ndi makutu amve. Nadothi anati amuna ake amanena zomwezo tsiku lililonse, ndipo apongozi ake akubwera kudzakhala naye mpaka adzachire. Lole inanyamuka, mapaipi omata kandulo akugundana pansi pa mapazi ake.

Ku labu anapeza zomwe ananena zija. Dongo lotuwalo linali lodzaza madzi, losatha kunyamula katundu, ndipo linayala mopendekekera kumunsi. Nadothi analemba zonse, n'kulangiza kuti khoma latsopano likhazikike pansi pa dongolo, kuseri kwake athire miyala ing'onoing'ono, ndipo aike mapaipi otulutsa madzi. Atapereka zimenezo anapita kutchuthi. Sipanatenge nthawi, anabereka mwana wamkazi.

Kumalo kuja sanapitekonso. Nkhani yake anaimva kwa Gogoda, amene anamuimbira foni tsiku lina masana, chilimwe chili pakati. Nadothi anali atagona pasofa, mwana ali pachifuwa, makatani akupuma ndi kamphepo.

Gogoda anati anadutsako pokatenga miyendo yachitsulo ija, imene amisiri anaifukula m'matope. Khoma latsopano linali litatha. Chipinda chosokeramo sanachimangenso, Atelala ankasokera pakhonde la kutsogolo. Iwo anabwerera kunyumba kwawo, koma akazi awo anakana kukhalanso kumtunda tsiku lonse. Choncho amisiri anasiya njira yotsetsereka m'mbali mwa khoma, yoyendamo njinga ya odwala, ndipo m'mawa uliwonse Atelala ankawatsitsira pakhonde la Mayi a Nkhuku, pomwe ankakhala akuonera anthu odutsa mumsewu mpaka dzuwa kupendeka.

"Ndiye agwirizana tsopano?" anafunsa Nadothi.

"Agwirizane ndani? Ndawapeza akukangana kuti anayamba kuganiza za njirayo ndani. Aliyense akuti ndine. Anafuna kuti ndiweruze, ine ndathawa."

Nadothi anaseka chapansipansi kuti asadzutse mwana.

"Mubwera liti, a Nadothi? Kuno atipatsa wina, dothi amaligwira atavala magolovesi."

"Ndibwera, achimwene. Mundisungire ndowa yanga."

Gogoda anapitiriza kufotokoza za ntchito ina ya mlatho, za injini imene yayamba kuvuta, za Wamtali amene akuti wapeza mkazi wolongolola. Nadothi ankangoti ee, ee, mawuwo akumka natalikira, mpaka foni inatsetsereka n'kugwera pakhushoni.